Rute Alibe Malume

"Lenard akafuna kupita, msewu ndi uwo, sindinamumange chingwe. Koma Rute sachoka pakhomo pano."

"Nanga ana?"

"Ana atsata mayi wawo. Munayamba mwaona anapiye akulondola tambala?"

"Ndiye munthu azipita yekhayekha ngati mmene anabwerera?"

"Mwanena bwino, make Pauline. Ngati mmene anabwerera. Mawu amenewo sindinapeke ine, ali m'malamulo a Mose."

Mayi Molly anatula lichero la mpunga pansi mwaukali, nkhuku n'kuthamangira umene unatayika. Amuna awo, a Lawson, anali pampando wa ndalema pakhonde, akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi. A Lawson anali mkulu wa mpingo, komanso mwini maboti awiri ndi chilimira, khoka lalikulu logwirira utaka ku chilumba cha Mbenji. Dzulo lake Lenard, mkamwini wa pakhomopo, anagwada pamaso pawo kupempha chitengwa. Ankafuna kutenga mkazi wake Rute ndi ana awo awiri kuti akakhale kwawo kwa Maganga, kumene mayi ake anasiya kuona, munda wa mpunga n'kuyamba kusanduka tchire. Koma chilumba chinali pafupi kutsegulidwa, ndipo Lenard ndiye anali siginala wa a Lawson, munthu wotsogola ndi nyali pakabwato n'kulozera anzake pamene pali nsomba.

"Mose akulowa bwanji m'nkhani ya ukwati wa ana?" anafunsa mayi Molly.

"Mukapeza mpata muziwerengako, osamangoimba. Akuti wantchito amene anabwera yekha achoke yekha. Ngati mkazi anachita kupatsidwa ndi mbuye wake, mkaziyo ndi ana ake ndi a mbuyeyo. Lenard anafika pano ndi kabudula mmodzi. Mkazi anamupatsa ndani? Si ine?"

"Lamulo limenelo ndi la akapolo."

A Lawson anayang'ana kukhitchini kumene Rute ankatsuka mbale, natsitsa mawu. "Mawu amenewo musamawatchule pano. Ife timati mwana wa m'nyumba."

"Mawuwo mukuwaopa, koma lamulo lake mwalikumbatira. Pauline wathu anapita ndi mwamuna wake ku Lilongwe ukwati usanathe mwezi. Munamuperekeza nokha kubasi, thumba la utaka lili panjinga. Mose anali kuti tsiku limenelo?"

"Pauline ali ndi malume ake, alongo anu. Anavomereza ndi iwowo. Rute malume ake ndani? Kawaitaneni tikambirane. Agogo ake anafika pakhomo pa agogo anga ali kamtsikana, osadziwa ndi dzina lomwe la mudzi wawo. Tinawasunga. Tinasunga mayi ake mpaka kuwaika m'manda. Tasunga iyeyo. Nkhoswe yake ndine, mwinimbumba ndine. Ndikati ayi, ndi ayi."

"Anafika! Ngati anadzacheza. Anagulidwa ndi nsalu ndi mchere, abambo a Pauline, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Inu simukufuna Rute ayi. Mukufuna nyali ya Lenard. Zaka zonsezi munthu akugona pamadzi, malipiro ake ndi chakudya ndi malaya anu akale, chifukwa akuti mkamwini salipidwa ndi apongozi."

"Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ukamugwira, umagwira kumutu."

"Ndipo mutu wake ndi ana aja?"

A Lawson anavala magalasi, natsegula wailesi.

Ukapolo unatha kalekale. Zimenezi ana ankaphunzira kusukulu, ndipo pa tsiku lokumbukira ufulu ankaziimba akuguba. Chimene sichinathe ndi kusowa malume. Munthu amene mbumba yake inayambira pamsika alibe womulankhulira kupatula mdzukulu wa amene anagula.

Rute anamva zonse. Makoma a khitchini anali a bango.

"Tiyeni tingonyamuka, bambo a Masiye," anauza mwamuna wake kuseri kwa nyumba. "Munagwada, mawondo anachita kuyera ndi fumbi. Mwapeza chiyani?"

"Kuthawa ngati akuba? Anthu ati chiyani?"

"Anthu akhala akunena kuyambira ndili wamng'ono. Kuchitsime anzanga ankandifunsa mtengo wanga. Asiyeni anene, ife tili kwa Maganga."

Loweruka linalo anadzuka mmamawa, Rute mwana kumsana, mtolo pamutu, Lenard atanyamula Masiye paphewa. Anayenda wapansi mpaka pa Khombedza. Basi ya ku Salima inali itaima kale, ndipo pakhomo pake panali anyamata a chipani a malaya ofiira.

"Khadi, bambo."

Lenard anapapasa m'matumba ngakhale ankadziwa kuti mulibe. Makhadi a pakhomo ponse ankagula ndi a Lawson chaka ndi chaka, monga bambo wachifundo, n'kuwasunga okha m'sutikesi kuti angatayike. Wopanda khadi sankakwera basi, sankalowa mumsika.

"Ali kunyumba, achimwene."

"Ndiye inu mukupita kuti, khadi n'kutsala kunyumba? Ilo lilibe miyendo. Khalani apo."

Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa. Wina anapalasa njinga kukauza a Lawson, poti aliyense ankamudziwa siginala wawo. Dzuwa litakwera, a Lawson anafika atavala jekete. Anapereka moni kwa anyamata aja mmodzimmodzi, natulutsa makhadi awiri m'thumba la pamtima.

"Awa ndi ana anga, musawavutitse. Anangoiwala."

Khadi la Rute analionetsa n'kulibwezera m'thumba. La Lenard anamupatsa m'manja.

"Lako ili, mwana wanga. Basi ina ndi iyo ikubwerayo. Ukapereke moni kwa mayi ako."

Basi inaima. Anthu anatsika, ena anakwera, kondakitala anamenya chitseko kuitanira. Lenard anaima ndi khadi m'manja, Masiye atamugwira buluku. Basi inanyamuka, fumbi n'kuwakuta onse. Pobwerera a Lawson anapalasa njinga patsogolo pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ya m'tchalitchi chamumtima.

Mayi Molly ndiwo anakasuma kwa abusa Anderson, osauza amuna awo. Abusa anazengereza milungu iwiri. Anali munthu wabwino, wodziwa mabuku, koma malata a denga la tchalitchi anagula ndi a Lawson, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anafika Lachinayi masana, chilumba chikutsegulidwa sabata yotsatira. Anawapatsa mpando pakhonde, pafupi ndi mwini nyumba. Lenard anakhala pansi, kumunsi kwa masitepe. Rute anali chapatali pamphasa, akusoka matumba a nsomba zouma ndi singano yaikulu. A Lawson anali atatsegula kale Baibulo pamiyendo.

Atapemphera, abusa anakhosomola.

"Akulu, ndamva kuti pali kusamvana pang'ono pa ndime ija ya wantchito ndi mkazi wake. Tiyenera kuiwerenga mosamala. Mulungu sanayambitse ukapolo. Anapeza anthu ouma mitima, aliyense ali ndi akapolo ake, ndiye anaumanga miyendo ukapolowo. Anaika malire. Munthu agwire zaka zisanu ndi chimodzi, chachisanu ndi chiwiri amasuke. Pa nthawi imeneyo chinali chifundo chachikulu."

"Ndiye ine ndatsata chifundo chomwecho," anatero a Lawson. "Lenard ndi womasuka. Ndinamupatsa khadi pamaso pa anthu. Wamuletsa ndani?"

"Komatu ife tili m'nthawi ya chisomo, akulu. Malamulo aja..."

"Mulungu amasintha, abusa? Lamlungu lapitali munatilalikira nokha kuti ali yemweyo dzulo ndi lero. Kapena ndinamva molakwa? Ndimakhala kutsogolo."

Abusa anayang'ana nsapato zawo.

"Ngati sasintha," analowerera mayi Molly ataima pakhomo, "kampango munadya dzulo uja ali ndi mamba? Mose yemweyo analetsa nsomba zopanda mamba. Inu mumadya, mumagulitsanso, mutu wake simupatsa munthu. Lamulo la pakamwa panu linasungunuka ndi chisomo. La mkazi wa mwini ndiye lauma ngati mwala?"

"Kunalembedwanso kuti akazi akhale chete."

"M'tchalitchi. Pano ndi pakhonde panga, ndinazira ndekha."

Abusa anafuna kuseka koma anakumbukira denga.

"Abusa, ndifunse nawo." Anali Rute. Sanasiye kusoka, sanadzutse mutu. "Ine sindidziwa kuwerenga, ndimangomva mukamawerenga inu. Anthu aja analira mu ukapolo, Mulungu anamva, nagawa nyanja pakati. Timaimba zimenezo, ine ndimaimba mokweza kuposa onse. Ndiye atawoloka, fumbi la ku ukapolo lisanachoke kumapazi, n'kuwapatsa malamulo a kasungidwe ka akapolo awoawo?"

"Mwana wanga, ndi monga ndanenera, anaika malire..."

"Ndamva. Mwamuna zaka zisanu ndi chimodzi. Nanga mkazi uja zake ndi zingati? Agogo anga anafera pano. Amayi anga anafera pano. Ine ndi uno. Chaka chathu chachisanu ndi chiwiri chili kuti? Chinasochera panjira?"

Abusa anatambasula dzanja ngati apeza pogwira. "Pali malo ena pamene akunena kuti mkazinso amasuke, ndipo asachoke chimanjamanja. Ndime imeneyo..."

"Imeneyo ndi ya Mhebri mnzawo," anawadula a Lawson, akutsegula masamba mwachangu, nkhope ikuwala ngati ya mwana wakhoza mayeso. "Ndinaiona. Koma pitani patsogolo. Wogulidwa kwa anthu a mitundu ina alibe chaka chomasuka. Ameneyo ndi cholowa, amatsalira ana ndi adzukulu. Agogo ake a Rute sanali a mtundu wathu. Anagulidwa kwa..."

Anaima. Kuseri kwa mpanda, amayi awiri oyandikana nawo amene ankapeta mpunga anasiya kupeta.

"Malizani," anatero mayi Molly. "Anagulidwa kwa yani? Si paja anangofika?"

"Ndikunena za m'buku."

"Munatchula agogo ake a Rute. Agogo ake a Rute ali m'buku? Tsamba liti? Abusa, mwamva nokha. Akafuna ntchito ya mkamwini, Rute ndi mwana wawo. Akafuna lamulo la Mose, Rute ndi wogulidwa. Asankhe chimodzi. Ngati ndi mwana wawo, lamulo la akapolo silimukhudza, apite ngati Pauline. Ngati ndi kapolo, anene poyera m'dziko la ufulu lino, anyamata a malaya ofiira amve nawo. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Iwe Molly, ndakulekerera kokwanira!"

"Mwandilekerera? Ine ndiye ndakulekererani. Ndinakwatiwa pano mayi ake a Rute akundichapira zovala, ine n'kumati ndapeza mlamu wamtima wabwino. Ndinadya nawo. Lero zandikwana."

"Tiyeni tizizire mitima," anachonderera abusa. "Njira za Mulungu sitingazimvetse zonse."

"Nanga iye zathuzi amazimvetsa?" anafunsa Rute. Tsopano anali atadzutsa mutu. "Ine ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi, abusa, kuti ndidziwe amene ndimamupempherera ana anga. Ngati analemba zimenezi ndi Mulungu, ndiye kuti ali mbali ya bambowa, ndipo ine ndakhala ndikukadandaula kwa mboni ya mdani wanga. Ngati sanalembe iye, analemba anthu okhala ndi maboti ngati awa, ndiye mundiuze masamba ena amene sanalembe, kuti Lamlungu ndizidziwa poti ameni ndi pongokhala chete."

Abusa anavula chipewa, nachiyang'ana mkati, nachivalanso. Ku sukulu ya ubusa anawaphunzitsa mayankho atatu a funso limeneli, ndipo onse anali abwino m'kalasi. Panalibe ndi limodzi lomwe loti n'kunenedwa pamaso pa mkazi amene khadi lake lili m'thumba la munthu wina.

"Nkhaniyi ndi yaikulu," anatero potsiriza. "Mutu umodzi susenza denga. Maganizo anga ndi akuti Lenard ayambe wapita ku Mbenji monga mwa nthawi zonse, ntchito isaime. Chilumba chikadzatsekedwa, akulu ampingo adzakhala pansi n'kuunika bwinobwino."

"Mwaweruza mwanzeru, abusa," anatero a Lawson.

Lenard anafunsa ali chogwada: "Chilumba chimatsekedwa mvula ikagwa, abusa. Amayi anga akutunga madzi chopapasa. Adikire akulu ampingo?"

"Tidzawapempherera, mwana wanga."

"Palibe akukukakamiza, Lenard," anatero a Lawson, mawu atabwerera m'malo mwake. "Buku ili silisiya munthu panjira. Tamvera, ndime yotsatira ikuti chiyani. Ngati wantchito anena yekha kuti ndimakonda mbuye wanga, mkazi wanga ndi ana anga, sindichoka, ndiye akhale. Waona? Chikondi. Mulungu anaganizira za banja lako iwe usanabadwe."

Anatseka Baibulo n'kuikapo dzanja.

"Mwatsekeranji?" anafunsa mayi Molly. "Yathera pomwepo?"

"Zotsalazo ndi miyambo ya Ayuda."

"Tione miyamboyo."

Analanda bukulo pamiyendo pawo a Lawson asanagwire. Abusa anati, "Mayi, sikofunika," koma mayi Molly anali atapeza kale malowo ndi chala. Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedezeka. Kenako anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Lenard, tamvera chikondi chakocho mathero ake. Akuti ukanena kuti sukuchoka, mbuye wako akutengere pachitseko cha nyumba yake, akuboole khutu ndi chitsulo, ndipo ukhale wake mpaka imfa. Ndi zimenezo anatsekera bukuli. Amafuna mpaka imfa, koma chitsulocho akuchita nacho manyazi."

"Zimenezo zinali za kale," anatero a Lawson. "Sitichita zimenezo ife Akhristu."

"Mzere wa pamwamba ndi wa lero, wa pansi pake ndi wa kale? Mulungu wasintha pakati pa mizere iwiri?"

Lenard anaimirira. Sanaimirirepo pamaso pa a Lawson iwo atakhala pansi chifikire pakhomopo. Anapita pamphasa pamene panali mkazi wake, natambasula dzanja. Rute anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasolola ulusi n'kumupatsa singano ija, yaitali ngati chala chapakati ndi theka lake, yopindika kunsonga.

"Bambo a Masiye, musatero."

"Ndikanakwera basi ija, make Masiye. Khadi linali m'manja. Miyendo inakana." Anatembenukira kukhonde. "Ana anga sindiwasiya. Mkazi wanga sindimusiya. Zoti ndimakonda mbuye wanga, muwonjezere nokha, abusa, inu ndi amene mumadziwa kukonza mawu. Ndikhala. Ku Mbenji ndipita, nyali ndiyatsa, amayi anga afera m'manja mwa anthu ena. Mwapambana, bambo."

Anakwera masitepe. Abusa anasuntha mpando.

"Koma ndakana kukhala mwakabisira. Zaka zonsezi mumanditchula mwana wanga, ine n'kumavomera. Lero zichitike monga zalembedwera, masana ano, abusa ali pompano, amayi awo kumpandako akuona. Ndikamalowa m'tchalitchi Lamlungu, pansi pa malata anu, aliyense aziona khutu langa n'kudziwa chimene ndili. Masiye akadzafunsa, ndidzamuonetsa bowo, osati kumuuza nthano za anthu amene anangofika."

"Lenard, wapenga? Khala pansi!"

"Simunati Mulungu sasintha?"

Anagwira dzanja la a Lawson, nalitambasula, naikamo singano ija n'kupinda zala zawo chimodzichimodzi. A Lawson anayang'ana abusa. Abusa anayang'ana kumsewu kumene anaimika njinga yawo. Mayi Molly anapatuka pakhomo, Baibulo lili chitsegulire m'manja. Kumpanda kuja mitu inali itachuluka.

Lenard anagwada pakhomo, natsamiritsa mutu pafelemu ya chitseko.

"Muboola liti, bambo, lamanja kapena lamanzere?"